Njinga yokonzedwa ndi lezala

Lachiwiri m'mamawa ndinaponda kiki ya njinga yanga yamoto mpaka mwendo kuchita dzanzi. Ndinatseka choko, kuponda. Kutsegula, kuponda. Inangotsokomola kamodzi n'kukhala zii.

Bambo anga anali ataima pambali, atavala jekete la kutchalitchi, buku la kuchipatala lili m'manja. Maso awo achita ng'ala, ndipo dokotala wa maso amabwera pa Boma kamodzi pa mwezi. Ife tili ku Thambani. Tinadikira pikapu, n'kukafika dokotala atapita kale.

Chondipsetsa mtima n'chakuti njingayi inali itachoka kwa makanika dzulo lake. Ndinkangofuna achotse kaphokoso ka mavalavu. Makanikayo, a Fulaye, anatsegula injini ikadali moto, nayeza mpata wa mavalavuwo ndi lezala yometera ndevu, n'kumanga. Ataponda kamodzi, inalira.

"Mwaimva, bwana? Yanyuwani!"

Nditabwerera kukadandaula, anandiyankha akusenda nachesi.

"Bwana, Mwanza mu Juni kumazizira. Muziiimika pamtsetse, m'mawa n'kungokankha."

Ndizikankha? Nkhalamba yosaona ili pampando?

Masana, kutatentha, inalira, ndipo ndinapita nayo kwa makanika wina, a Yusufu, kuseri kwa msika wa pa Boma. Sanaikhudze n'komwe.

"Isiyeni igone, achimwene. Mavalavu timayeza injini itazizira."

M'mawa mwake anatulutsa tizitsulo topyapyala toyezera. Mpata panalibe. A Fulaye anamangitsa, mavalavu sankatseka bwino, mphamvu n'kumathawira pomwepo.

Inu a kabaza, ndi angati mwa inu amene mumaimika njinga pamtsetse tsiku lililonse ngati ndi mmene inabadwira? Tazolowera. Makanika akuyesera njinga yotentha, ife n'kuwomba m'manja, kuiwala kuti mayeso enieni ndi a m'mawa, iye ali kwawo m'bulangete.

Ndisaname, nanenso ndinaputa. Ndinaima pamsana pa a Fulaye ndikuti "changu, changu." Koma wodziwa ntchito ndani? Akanati "mubwere mawa," ndikanalalata, inde, koma bambo akanaonana ndi dokotala.

Pano njinga ikulira ndi kiki imodzi. Bambo ataimva anatembenukira kumene kumachokera phokoso n'kuti, "Yachiratu imeneyo." Amangoimva, kuiona ayi.

A Fulaye, njinga munati ndizikankha. Nanga mwezi wathunthu umene bambo anga akhale akupapasa khomawu, ndiukankhe bwanji?