Kwawo kwa Alamu Anga

Masewerowa anandisiyira mzungu wina amene ndinamuperekeza kuphiri kuchokera pa Likhubula. Titatsika anandipatsa buku lonenepa, lonyowa m'mphepete, ndi timadayisi, kena ka mbali makumi awiri. Aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wina msilikali, wina wamatsenga, ndipo mmodzi amasimba nkhani n'kumaweruza zonse. Woweruzayo ndinali ine, poti Chingerezi cha m'bukumo ndinkachimva ndekha. Mphamvu yotero musamapatse munthu wa mtima ngati wanga.

Tinkasewera Lamulungu masana m'nyengo ya mvula, pamene alendo okwera phiri amasowa. Tinalipo anayi: ine, msuweni wanga, mnzanga wonyamula katundu wa alendo, ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga.

Alamuwo kwawo ndi ku Nkando. Anabwera kwathu pa chikamwini, anaumba njerwa okha, anamanga nyumba pamalo athu, anadzala chinanazi mpaka kumtsinje. Kenako mchemwali wanga anamwalira, kuwasiya ndi ana awiri. Mwambo mukuudziwa: mkazi akapita, mkamwini amasudzulidwa, abwerere kwawo, ana atsale ndi mbumba. Koma miyezi inapita palibe amene anatchula nkhaniyo. Amayi ankawakonda. Denga likadontha ankaitana iwo, mbuzi ikadwala ankaitana iwo, ine mwini mbumba ndili pompo ngati chitsa. Zinkandiwawa, ndipo sindibisa, inali nsanje basi.

M'masewero alamu anali wamatsenga. Nayenso munthu wawoyo anali mlendo m'mudzi wina wa m'nkhaniyo, anakwatira komweko n'kumanga nyumba. Anamupeka choncho okha, mchemwali wanga akadali moyo, tonse tikuseka.

Tsiku lina m'masewero ndinawatsekera onse m'phanga, chilombo chili pakhomo, moto mbali zonse. Alamu anali ndi matsenga amodzi otsala, obwerera kwanu. Buku limati wamatsengayo ndi onse omugwira dzanja amapezeka kwawo nthawi yomweyo. Koma silinena kuti kwawo kwa munthu ndi kuti. Mwezi wapitawo funso lomweli linabuka kwa msuweni wanga, ndipo ndinaweruza mosavuta kuti kwanu ndi kumene umayala mphasa yako. Onse analipo, onse anamva.

"Gwiranani manja, tizipita kunyumba kwanga," anatero alamu, n'kuponya dayisi. Inagwa bwino.

Ndinatsegula buku, ndinayendetsa chala pamzere ngati ndikuwerenga, pamene ndinali nditaganiza kale.

"Matsenga agwira," ndinatero. "Koma akufikitsani kumene munabadwa, alamu. Nyumba ija ili pamalo a eni ake. Si kwanu kumene kuja."

Msuweni wanga anaseka pang'ono, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya.

"Buku likutero?" anafunsa alamu, mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Buku silinena. Likapanda kunena, ndimanena ndine."

"Koma ulendo uja munati kwanu ndi kumene uli ndi mphasa."

"Uja anali mwana wa pamudzi. Mphasa ya mlendo amaipinda."

Mnzanga uja anayesa kuzimitsa mkanganowo, akuyang'ana ine. "Aphiri, tangoponyani dayisi iweruze, si masewero awa?" Bukulo limalola zimenezo pakakhala kukayika, ndipo ndinkadziwa. Ndinakana. Ndinapitiriza nkhani bwinobwino, mokometsera, momwe wamatsenga uja anatulukira pabwalo la makolo ake, udzu utamera mpaka pakhomo, agalu osamudziwa akumuuwa. Ndinawonjezera kuti ana ake m'mudzi muja akuleredwa bwino ndi amalume awo, asadandaule. Zimenezo palibe anandifunsa. Ndinazinena ndikuwayang'ana m'maso, ndipo zinkandikomera.

Alamu sanakalipe. Anatenga pepala limene analembapo za munthu wawo wongopeka uja, analipinda kanayi, analiika m'thumba la malaya. Anati mvula yakata, akaone mbuzi. Mvula inali isanakate.

M'mawa mwake anapita kwa amayi kukapempha okha kuti asudzulidwe. Amayi analira, anandiitana, anandifunsa chimene chachitika. Ndinati sindikudziwa, mwina apeza mkazi ku Nkando. Bodza limenelo ndinalinena osaphethira. Alamu anali pomwepo, ndipo sananditsutse. Akanati chiyani, kuti chawathamangitsa ndi dayisi?

Anachoka patatha sabata ziwiri, katundu yense atakwana pa njinga imodzi. Wamkulu mwa anawo anagwira keriyala mpaka kumsewu, ndipo amene anamasula zala zake ndi ine.

Masewero anatha okha. Anzanga aja ankangoti atanganidwa, ndipo sindinawakakamize. Nyumba ija ndimagonamo ine tsopano, ndi anawo. Amandimvera, amanditcha amalume, koma akamaseka ine n'kulowa amasiya.

Alamu amabwera mwezi ndi mwezi kudzaona ana. Amatsika njinga patali, amaimika pansi pa mpeyala, amavula chipewa. Kenako amaima kunja kwa khomo limene anapala okha n'kunena kuti, "Odi." Amadikira pamenepo, ana awo akuwayang'ana pawindo, mpaka ine ndiyankhe.