Muwawani wa agogo a Gondwe

Fungo la khungwa laliwisi likandipeza, ndimaona agogo a Gondwe atakhala pakhonde pathu ku Area 25, akukhoma zilembo pa timalata ndi msomali, ngo ngo ngo, utsi wa mbaula ukuwalowa m'maso. Ankagwira ntchito m'munda wa mitengo wa boma kufupi ndi Lingadzi, ndipo timalatato ankapachika pa mitengo kuti alendo aziwerenga mayina.

Ine ndinali mwana wa mafunso osatha. Mtengo umadziwa dzina lake? Umamva kuwawa? Loweruka lililonse ankanditenga pa minibasi kupita kumundako, mwina kuti amayi apumeko.

Pa mitengo yonse ankanyadira muwawani umodzi wokha, womwe anaudzala okha likulu likungomangidwa. Tsiku lina amayi atadwala m'mimba, ndinamva aneba akunena kuti khungwa la muwawani ndi mankhwala. Loweruka litafika, ndinabisa mpeni m'diresi. Agogo akuperekeza alendo, ndinasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse ngati lamba, poganiza kuti mankhwala ochuluka achiza msanga.

Atabwera anayang'anitsitsa thunthulo. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikwapu.

"Mzukulu wane, mtengo umadyera m'khungwa," anatero. "Asing'anga amasenda mbali imodzi. Iwe waugwira pakhosi."

"Ufa, agogo?"

"Mwina. Tiwufunse."

Anadula timphukira tosongola, n'kutilowetsa pansi pa khungwa kumwamba ndi kumunsi kwa bala ngati timilatho, kenaka anamata dothi ndi kumanga ndi luzi. Ine misozi ili chuchuchu, koma ndinafunsabe kuti chakudya chiwoloka bwanji pa kamtengo. Anati ndidzaona ndekha.

Amayi anachira ndi mapiritsi a kuchipatala. Muwawani unayoyola masamba, ndipo miyezi itatu ndinkafika ndi mtima uli m'mwamba. Timphukira tina tinauma, titatu tinagwira. Mvula yoyamba itagwa, nsonga zinabiriwira. Tsiku limenelo agogo anatulutsa kachikwangwani kena kamalata m'thumba, n'kukapachika kuseri kwa thunthu. Panali dzina langa: TIWONGE.

"Wauvulaza ndiwe, uziusamala ndiwe. Ine sindikhalitsa."

Anamwalira ndili ku sekondale. Lero ana anga akaona chipsera chotupa pa muwawani uja amafunsa kuti anachita zankhanza chonchi ndani. Ndimawazungulitsa kuseri kuti awerenge okha.