Chitenje M'paipi ya Mpweya

Titasamuka kuchoka ku South Bend, nyumba yomwe tinapeza ku Beech Grove, pafupi ndi mzinda wa Indianapolis, inali ndi kachipinda kapansi kothawiramo tonedo, mphepo yamkuntho yozungulira. Zenera kanalibe. Mpweya unkalowera pa paipi imodzi yapakhoma, yokhala ndi sefa ndi fani yopukusa ndi dzanja magetsi akazima.

Apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza chikuta. Masana ena, mwana ali ndi milungu itatu, mkazi wanga atapita ku famase kukagula mankhwala, saireni yochenjeza za tonedo inalira, magetsi n'kuzima. Ndinawauza amayiwo kuti atsikire pansi ndi mwana, ine ndikutseka mazenera.

Potsika, ndinapeza mbaula yathu yowotchera nyama ili pakati pa chipinda, makala ali psuu. M'paipi muja anali atatsekamo chitenje.

"Kamphepo aka kamulowa mwana," anatero.

Ine ndine nesi. Zomwe makala amachita m'chipinda chotseka ndimazidziwa bwino. Koma mkamwini angayambe bwanji kuuza apongozi kuti mwalakwitsa? Ndinangozungulira. "Amayi, kapena mbaulayi tiitulutse pang'ono?"

"Iyayi bambo. Ana asanu ndinalera ndi makala, mkazi wanuyo ali momwemo."

Ndinaisiya mbaulayo, chitsiru ine! Ndinkati saireni ileka posachedwa. Kumtunda mphepo inkamenya zitseko, mutu wanga unayamba kugunda. Nditaunika mwana ndi foni, kadzanja kake kanali lende. Ndinamutsina kuphazi, osalira.

"Chokani apo! Mukupha mwana!"

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu. Ndinazula chitenje chija, n'kunyamula mbaula ndi manja, kukaiponya kumvula. Za kupsa ndinazimva pambuyo. Ndinabwerera n'kuyamba kupukusa fani, foni ili pakhutu ndikuitana ambulansi, kwinaku ndikuwalamula apongozi ngati mwana wasukulu: "Muyandikizeni papaipi! Kwezani! Osamufunditsa!" Anachita zonse.

Kuchipatala ku Indianapolis anamuika pa okosijeni. Analira patapita nthawi, kulira kosasa, koma analira.

Apongozi ndinawapeza pakhonde la wodi atakhala pansi, mipando ilipo. Manyazi anandigwira. Ndinanyonyomala chapatali, manja anga ali m'mabandeji, ndikuti ndipepese chipongwe chija.

"Amayi, ndinalankhula moipa."

Sanandiyang'ane. "Bambo, munadziwa liti kuti makala aja angaphe mwana?"

"Nditangotsika."

"Ndiye mukananditukwana pomwepo."