Gitala Limene Silinang'aluke

Tsiku limene kasitomala wina anamuponyera gitala pakhomo, mmisiri wopanga magitala anakhala pansi, pa utuchi, n'kuyamba kulira. Munthu wandevu zake, misozi chuchuchu.

Anakula wamasiye, sukulu inamukanika, ndipo chimene ankadalira ndi luso lopanga magitala basi. Koma nyengo youma ikangofika, magitala ake ankang'aluka. Anasintha guluu, anasintha matabwa, koma ayi ndithu. Anthu anamupatsa dzina loti Mng'alu, ndipo iye anayamba kukhulupirira kuti manja ake ndi atsoka.

Makasitomala atatha, anatseka shopu n'kukakhala kwa mlongo wake. Magitala otsala anawaunjika pakhonde. Limodzi lokha analipachika m'chipinda cha mwana wa mlongo wakeyo.

Mwanayo ankavutika ndi kukhosi kouma ndiponso milomo yosweka. Mayi ake anamugulira kamakina kothiramo madzi, kotulutsa nthunzi yoziziritsa kuti mpweya wa m'chipinda usaume. Ntchito yokatsuka ndi kuthiramo madzi oyera inagwera amalume, poti ndiwo analibe chochita. Mwana anayamba kupeza bwino, koma amalume mtima unali utafa.

M'mawa wina Mng'alu anakokera magitala apakhonde pabwalo, onse ong'aluka, machesi ali m'manja. Analowa kukatenga lotsala lija kuti zonse zithere pamodzi.

Analitembenuza uku ndi uku. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Anayang'ana gitala, n'kuyang'ana kanthunzi kaja.

"Achemwali, ndiye kuti vuto si manja angawa?"

"Ndakhala ndikukuuzani, achimwene, koma inu makutu munatseka. Thabwa nalo limamva ludzu. Komatu kamakina ka mwanaka musakayang'ane kawiri, mukapeze kanu."

Sizinasinthe tsiku limodzi. Atatsegulanso shopu, anayamba ndi kuikamo mabeseni a madzi ndi nsalu zonyowa, anthu akumuseka kuti watsegula malo ochapira. Kenako anapeza kamakina kake. Aliyense wogula ankamulangiza kuti asamasunge gitala pouma kwambiri. Nyengo youma inabwera n'kupita, ndipo palibe amene anabweza gitala.

Lero pachitseko pake palembedwa dzina lomwe lija, Mng'alu. Analilemba yekha.

Inu amene mwagwira kale machesi, taimani kaye. Mwina chimene chikukung'alulani si inu, koma malo amene mwaumiramo. Musatenthe luso lanu musanalowe m'chipinda chotsalacho. Limbani mtima.