Belu la m'bokosi la atate

Ntchito yanga ndi yosoka mipando ya galimoto, ndipo ndimaigwirira kuseri kwa nyumba ya atate ku Matero. Kawirikawiri kumabwera maminibasi ong'ambika, onunkha thukuta ndi nsomba za kapenta. Ndiye bwana wina wa mathiraki atabweretsa chigalimoto chakuda chachitali, ndinaona ngati Mulungu wandikumbukira.

Ankafuna kuti mkati mwake muoneke ngati bogi ya olemera ya m'sitima zakale. Ine sitima ndinali ndisanaikwerepo, koma ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe, podziwa kuti katswiri ndili naye m'nyumba. Atate, pa unyamata wawo, ankaperekera tiyi m'mabogi amenewo nthawi ya azungu.

Nkhani za sitima sankazikonda, koma atandiona ndikujambula zanga zongopeka analephera kupirira. Anandilanda pensulo n'kunena kuti ndajambula basi ya ku Chipata. Anati mipando iyang'anizane, chikopa chikhale chobiriwira, m'mbali mukhale matabwa a mukwa, ndipo katebulo kakhale ndi mkombero kuti kapu isatsetsereke pokhota. Tinkakangana tsiku lililonse, poti tonse ndife a mtima wapachala. Komabe ndinkasangalala, chifukwa chimwalirire amayi atate anali asanalankhulepo chonchi.

Bwana uja atabwera kudzaona, anasisita matabwa n'kugwedeza mutu. Kenako anati pakusowa chinthu chimodzi. "Nifuna belu yoitanira dalaiva. Yazoona ya mu sitima, osati vamapulasitiki."

Atate anadzuka pakampando kawo n'kulowa m'nyumba.

Belu lotero linalimo m'nyumba mwathu. Linali laling'ono, lamkuwa, lokulungidwa m'sokosi pansi pa bokosi lachitsulo la atate. Mchemwali wanga analilizapo kamodzi tili ana, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinaona atate akukweza dzanja pa mwana. Ine ndinakula ndikuganiza kuti amalikonda kwambiri.

Ndinayenda kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Kanyama ndi ku Chawama, osapeza. Lamlungu lina, atate ali kutchalitchi, ndinatsegula bokosi lija. Ndinamangirira belu pafupi ndi mpando wa dalaiva, batani lake kumbuyo, kenako ndinalowetsa kasiponji m'kati kuti lisalire kufikira galimoto itachoka pakhomo. Sabata yonseyo ndikamva atate akukoka chinthu kuchipinda, ndinkasiya ntchito n'kutchera khutu, poganiza kuti ndi bokosi lija.

Tsiku lotenga galimoto ndinayesa kuwanyengerera kuti akacheze kwa mchemwali wanga ku komboni ya George. Anakana. Anavala jekete n'kukhala pakampando kawo pafupi ndi geti, ati aone ntchito yawo ikutuluka. Anthu a mumsewu wathu anadzazanso pampanda.

Bwana analowa kumbuyo ndi mkazi wake, natambasula miyendo. Anayatsa tinyale, anakoka makatani, anaika kapu patebulo. Ine ndinkangopemphera kuti aiwale. Koma chala chake chinapeza batani. Zii. Anadinanso, zii.

Ndinawerama pawindo n'kunong'ona kuti ndi kawaya chabe, ndibwera mawa kunyumba kwawo kudzakonza. Anandiyang'ana ngati ndamugulitsa mbuzi yodwala.

"Motoka siichoka pano ngati belu siinalire. Konzani manje, niliko."

Ndinacheuka. Atate anali phee, manja pandodo, akumwetulira anthu amene ankawayamikira. Ndikanatha kunena zoona pomwepo. Ndikanatha kumasula belulo n'kuuza bwanayo kuti atenge galimoto yake momwemo. Ndinaopa manyazi pamaso pa anthu, ndinaopanso kubwerera ku maminibasi. Ndinatsegula chitseko chakutsogolo n'kusolola kasiponji kaja.

Bwana atadinanso batani, belu linalira kawiri, mawu ang'onoang'ono koma akuthwa.

Atate, amene podzuka ankafuna ndodo ndi phewa la munthu, anaimirira nthawi yomweyo. Ndodo inagwa. Anagundanitsa zidendene, manja m'mbali, mutu wowerama pang'ono.

"Inde, bwana."

Ena pampanda anaseka, poganiza kuti mdala akuchita nthabwala. Bwana uja anaomba m'manja, ati chimenechi ndiye chimene ankafuna. Ine sindinaseke. Ndinaona nkhope ya atate ikubwerera pang'onopang'ono, maso akuyendayenda pa geti, pa anthu, mpaka anafika pa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinapita kukawatolera ndodo, ndikuti ndilimasula pompano, zivute zitani. Anandigwira mkono mwamphamvu n'kulankhula motsitsa, kuti ndimve ine ndekha.

"Lisiye lipite. Unkayesa ndinalisunga chifukwa cholikonda? Ndinalitsekera kuti lisadzandiitanenso."

Galimoto inatuluka bwinobwino, ikuzemba maenje a mumsewu, ndipo bwana analiza belu ulendo wina pokhota. Atate anagwira mpanda ndi manja onse awiri mpaka phokoso la injini litatha.

Chithunzi cha galimotoyo chinandibweretsera makasitomala ambiri, ndipo maminibasi ndinawasiya. Atate sanandikalipire, ngakhale ndinkafuna atatero. Anangobweza pensulo yanga patebulo, ndipo kampando kawo anakasamutsira kutsogolo kwa nyumba, kumene sikuoneka ntchito yanga.