Amayi Sakhala Kumbuyo

Amuna anga amakonda ngolo yawo kuposa mmene amuna ena amakondera mpira. Ndikati ngolo sindikunena ya ng'ombe ayi. Ndi chibokosi chachitsulo cha matayala anayi, chotsekeka mbali zonse, chitseko chili kumbuyo. Amachikoloweka ku galimoto yawo n'kumanyamuliramo matenti ndi mipando ya pa maukwati kuno ku Ndola, ntchito yomwe anaiyamba atasiya ya kumgodi. Asananyamuke ulendo uliwonse amaizungulira ngoloyo ngati munthu wosankha mbuzi pamsika. Amagogoda matayala, amagwedeza cholumikizira, amapingasa maunyolo pansi pake, kenako ine amandiimika kumbuyo kuti ndizikuwa magetsi akamayaka.

"Lakumanja!"

"Layaka!"

"Mabuleki!"

"Ayaka, bambo inu, tiyeni tizipita!"

Anansi athu m'dera la Pamodzi anazolowera. Akangomva ndikukuwa m'mamawa amadziwa kuti kwinakwake kuli ukwati.

Lamulo lawo lalikulu ndi limodzi: cholemera chimalowa choyamba, chikakhale mkati kutsogolo, pamwamba pa matayala kapena kupitirirako pang'ono. Zopepuka ndizo zimatsalira kuchitseko. Ndinalimva lamulo limeneli mpaka kutopa nalo, ndipo ndinkangoti ndi zokonda kulamula za amuna. Ndinadzalimvetsa chaka chomwe tinanyamula mwala wa pamanda a amayi.

Amayi anga anamwalira ali kumudzi ku Katete, komwe anapita kukaona abale, ndipo anaikidwa komweko. Paulendo anali munthu wovuta kwabasi. Kumbuyo kwa basi kunkawachititsa nseru, ndiye pa siteshoni ya kwathu ku Buchi, mu Kitwe, ankalola maminibasi kudutsa, dzuwa likutiwotcha, mpaka itabwera ya mpando wakutsogolo wopanda munthu. Makondakitala ankawadziwa. Koma potsika ankakhala omaliza. Tikafika kumudzi pa basi yaikulu, ankadikira aliyense atsike, kenako n'kuyenda mpaka kumapeto akusuzumira pansi pa mipando ngati mwana wina wasiya juzi kapena nsapato. Ife tili panja, manyazi atigwira, dalaivala akuliza hutala.

Patapita nthawi, ife ana awo tinawasemetsera mwala kuno ku Ndola, wakuda, wonyezimira, dzina lawo litalembedwa mozokota. Mwambo wovundukula unali Loweruka. Ansembe anali atauzidwa, abale ataitanidwa, thobwa litayamba kale kuwira. Ntchito yathu ife inali imodzi yokha, kuti mwalawo ukafike wathunthu. Wosema uja anatiuza mosabisa kuti mwala wotere ukang'aluka palibe zomata, ndipo wina sungapezeke sabata imeneyo.

Tinayambira ku Kitwe kukatenga atate ku Buchi, ndipo zinthu zinayamba kupotoka pomwepo. Kwa ife a kum'mawa okhala kumigodi kuno, galimoto yopita kwathu siyenda yokha. Mbiri ikangomveka, aliyense amakumbukira kuti ali ndi m'bale. Tinapeza anthu atandanda kale pachipata: wina ndi matiresi a agogo ake, wina mabeseni omangidwa ndi chingwe, wina thumba la zovala, wina mipando ya pulasitiki yoti akuti ikathandize pamwambo. Ungamukanize ndani? Onsewo anabwera pamaliro a amayi, ena anagona panja pamoto sabata yonse.

Amuna anga anamanga chingwe mkati mwa ngolo n'kunena kuti kutsogolo kwa chingwecho ndi malo a mwala, pasaikidwe kanthu. Asanamalize n'komwe, atate anawaitana m'nyumba kuti akamwe tiyi. Mkamwini sakana tiyi wa apongozi, ndiponso samwa ataimirira. Potuluka anapeza chingwe chija wina wachimasula n'kumangira mabeseni ake, ndipo malo a mwala aja mutadzaza matiresi mpaka kudenga. Anangopuma mozama n'kunena kuti tikakonza ku Ndola.

Ku Ndola tinadzera ku Chifubu kukatenga azakhali, alongo aakulu a atate. Azakhali amagulitsa nsomba zouma pamsika, ndipo mawu awo ndi a pamsikapo. Iwo ndi amayi anakangana moyo wawo wonse, za mchere, za nyimbo za kutchalitchi, za kaleredwe kathu, koma tsiku silinkadutsa osafunana. Amayi atamwalira, azakhali anaonda.

Titafika kwa wosema miyala, amuna anga anatsegula chitseko n'kuyamba kukoka matiresi.

"Apongozi, muchita chani?" anafunsa azakhali.

Amuna anga anavula chipewa. "Azakhali, mwala uyenera kulowa kutsogolo. Ndiwo wolemera kuposa zonse."

"Awe! Mulamu wanga mumuike kukona uko, mumutsekere na mamatiresi monga ni katundu? Akhale pano pachitseko, apumeko mphepo. Pofika kumudzi anthu azaimba nyimbo pachitseko pano. Manje choyamba kutuluka chikhale beseni?"

Ine mtima wanga suchedwa kuwira, ndinatengera kwa amayi, eni mwalawo. Ndinati, "Azakhali, uwu ndi mwala, si amayi ayi. Mwala supuma mphepo."

Ngakhale amisiri omwe ankapukuta miyala ina analeka. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati, "Iwe ndinakusambika ine. Lelo undiphunzitse za amayi ako?"

Ndinayang'ana atate kuti atithandize, koma iwo anali atawerama pa mwala uja, chala chikutsata zilembo za dzina. Sanamve chilichonse. Amuna anga anandikoka chitenje pang'ono, kutanthauza kuti nditseke pakamwa. Mkamwini sangalimbane ndi mlongo wa apongozi ake pamaso pa anthu, makamaka pa nkhani ya maliro a eni ake. Anangoti, "Chabwino azakhali, tiziyenda pang'onopang'ono."

Mwala unakulungidwa m'bulangete, azakhali n'kuwonjezapo chitenje chawo chatsopano. Amuna angapo anaunyamula akubuula, n'kuugoneka pachitseko penipeni, pa matayala akutha omwe anayala pansi, amuna anga n'kuumanga ndi malamba. Atatseka, anaima chapatali n'kuyang'ana galimoto yawo. Nanenso ndinaona. Masiku onse ngolo ikadzaza, kumbuyo kwa galimoto kumatsika pang'ono. Tsiku limenelo kunadzuka. Mwala unali kukankhira mchira wa ngolo pansi, mphuno yake n'kumanyamula galimoto. Amuna anga anayang'ana maunyolo aja kawiri.

Tinatuluka mu Ndola dzuwa lili bwino, atate kutsogolo, ine ndi azakhali kumbuyo, sitikulankhulana. Posakhalitsa azakhali anatulutsa mtedza wophika n'kundipatsa osandiyang'ana, ndiye kuti nkhondo yatha. Anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, atate n'kumavomera ndi mawu awo a pansi aja. Tinkayenda ngati tanyamula mazira, moti mathiraki onyamula mkuwa ankatiimbira mahutala mokwiya.

Pa msewu wopita ku Kapiri pali potsetsereka pena potalika. Tili pakati pake, chithiraki china chinatipitirira, mphepo yake n'kuikankha ngolo. Ndinamva galimoto ikukokedwa cham'mbali. Nditacheuka ndinaona ngolo ikutulukira kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanja kopitirira poyamba paja. Mtedza unamwazika. Nyimbo inadukira pakati.

"Mayo! Ponda mabuleki iwe! Ponda!" anakuwa azakhali, ulemu wonse wa apongozi utathawa.

Amuna anga sanaponde. Anangochotsa phazi pamafuta, manja onse awiri ali gwa pachiwongolero, maso kutsogolo, osalimbana nayo ngoloyo. Anadzandiuza pambuyo pake kuti akanaponda mwamphamvu, ngolo ikanapinda n'kutigwetsera m'ngalande. Inagwedezekabe, kumbuyo kunamveka chinthu chikuti gu, kenako kugwedezeka kuja kunayamba kuchepa mpaka tinaima pambali, pomwe amayi ena ankagulitsa mbatata, amuna akugulitsa makala.

Palibe anafunsa mnzake ngati wavulala. Tonse tinathamangira kuchitseko. Kunena zoona, mantha omwe ndinali nawo pamene amuna anga ankatsegula loko anaposa a m'galimoto muja. Ndinkangoona anthu atasonkhana kumanda Loweruka, ansembe atavala, ife tikutsitsa zidutswa.

Lamba mmodzi anali atamasuka. Mwala unali utasuntha n'kukaphwanya beseni la eni ake kukhoma. Atate anavundukula bulangete pang'onopang'ono, n'kuyendetsa chikhato m'mbali monse. Unali wathunthu. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kuseka ngati wopenga.

Ndinkaganiza kuti azakhali agonja tsopano. Ayi ndithu! Anati wolakwa ndi wa thiraki uja, tipemphere, timangenso lamba, tizipita. Amuna anga anayang'ana pansi. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, ndipo zomwe zinkabwerazo zikanatidanitsa mpaka Khirisimasi. Koma atate anandiyambirira.

"Alongo," anatero mofatsa, "alamu anu munayenda nawo zaka zonsezi. Munawaonapo atakhala kumbuyo?"

Azakhali anasiya lamba yemwe anali atagwira.

"Tawaika kumbuyo, nseru yawagwira. Mukuganiza kuti akanangokhala chete? Inu simukuwadziwa?"

Azakhali anagwira pakamwa. "Mayo ine! Zoona! Mulamu wanga sakhala kumbuyo!" Anatembenukira amuna anga, maso ali psu. "Nanga imwe apongozi, munalekelanji kukamba? Mwayenda nawo kangati mu motoka yanu iyi?"

"Ndalakwa, azakhali," anayankha amuna anga, nkhope ili bwinobwino. Ine ndinachita kuthawira kuseri kwa ngolo kuti ndikasekere kumeneko.

Kaya atate ankakhulupiriradi zimene ananenazo, kaya anangokumbukira ngolo za pansi pa mgodi zomwe anakankha unyamata wawo wonse, sindinawafunse. Chomwe ndinaona n'chakuti podutsa pafupi ndi mkamwini wawo anamugwira paphewa.

Tsopano woyang'anira ntchito anali azakhali. Analankhula Chibemba chawo cha pamsika kwa amuna ogulitsa makala aja, ndipo posakhalitsa katundu yense anali pa udzu, matiresi, mabeseni, mipando, anthu odutsa n'kumafunsa mitengo. Mwala anaukankhira mkati mpaka kutsogolo kwa matayala, amuna anga n'kuumanga mbali zonse, matiresi aja n'kukhala otchinga m'mbali. "Bwino bwino, ni munthu mukulu uyo!" ankakuwa azakhali. Atatseka chitseko, kumbuyo kwa galimoto kunatsika pang'ono monga mwa masiku onse. Tinagula mbatata zomwe sitinkazifuna, pothokoza.

Kuchokera pamenepo ngolo inatitsata mwaulemu. Tinagona ku Lusaka kwa msuweni wanga, m'mawa n'kulowa msewu wa kum'mawa. M'mapiri a ku Luangwa amuna anga ankatsika ndi giya yaing'ono, osadalira mabuleki, ndipo tikaima paliponse ankagwira matayala kuti amve ngati atentha, n'kukokanso malamba. Azakhali nawo anapeza ntchito yawo. Ankapita kutsogolo kwa ngolo, n'kugogoda chitsulo.

"Mulamu, muli bwino uko? Tafika pa Nyimba, nthochi zadula chaka chino."

Tinafika kumudzi Lachisanu dzuwa likupendeka. Monga ananenera azakhali, amayi a m'mudzi anatichingamira ndi nyimbo, n'kuzungulira chitseko cha ngolo akuwomba m'manja. Amuna anga anatsegula. Choyamba kutuluka chinali beseni, lophwanyika lija. Nyimbo inagwedezeka, ena anaseka mpaka kugwirana, koma azakhali anaikweza mwamphamvu ndipo onse anaitolanso. Anaimba matiresi akutuluka, anaimba mipando ikutuluka, nyimbo inatha n'kuyambidwanso, eni katundu akulandira zawo.

Pomaliza m'ngolo munatsala mwala wokha, uli kutsogolo kuja m'chitenje cha azakhali. Amuna anakonzeka kukwera kuti akaunyamule, koma atate anakweza dzanja kuti adikire kaye. Anavula chipewa, n'kusuzumira mkatimo, kona iyi ndi kona iyo, pansi ponse popanda kanthu.

"Amayi anu aonetsetsa," anatero. "Palibe mwana wasiya kanthu. Atsike tsopano."

Pamaliro enieni aja ine ndinali wothamangathamanga ndi mapoto ndi alendo, misozi inasowa mpata. Inadzanditulukira pamenepo, pachitseko cha ngolo, beseni lophwanyika lili m'manja. Azakhali anandilanda beseni lija n'kundipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo, ndipo tinaima limodzi kudikira kuti amayi atsike.