Nkhope ya Mkamwini wa Amayi

Amayi anga anakhala ndi mkamwini wawo pakhomo limodzi zaka zambiri osamuyang'anapo kumaso. Sikuti ankadana. Kwathu ku Mkanda apongozi ndi mkamwini amaopana, ndipo amayi mwambo umenewu ankausunga mopitirira anzawo onse. Akamva belu la njinga ya alamu anga kumsewu, ankalowa m'nyumba, kapena kutembenukira kunkhokwe ngati pali chimene aiwala kumeneko. Akakumana panjira ya kudimba mmodzi ankayenera kupatukira patchire, koma kawirikawiri ankapatuka onse awiri, njira n'kutsala yopanda munthu. Amayi akafuna kunena kanthu ankatuma ine, ngakhale alamuwo ali pomwepo akumva: "Iwe, uwauze bambo a mwana kuti denga la khitchini likudontha." Alamu nawo ankayankhira kwa ine, maso ali pansi: "Muwauze amayi kuti ndamva."

Choncho amayi ankawadziwa mawu, msana ndi mapazi basi. Azimayi ena mwana woyamba akabadwa amamuitana mkamwini, kumuphera nkhuku, n'kuyamba kulankhulana naye momasuka. Achemwali anga, eni ake amuna, anawapempha amayi kangapo kuti achite zomwezo. Yankho linali limodzi: tikakolola. Tinakolola chimanga, tinakumba mtedza, fodya anapita kumsika, nkhuku imene ankailoza ija inakalamba n'kufa yokha.

Alamu anali ochokera tsidya la malire, ku Zambia. Anali munthu wamkulu thupi, woti polowa m'nyumba ankawerama, ndipo ntchito yawo inali yonyamula matumba panjinga kuchokera m'midzi kupita kumsika. Koma mtima unali wofewa kwambiri. Ine monga mlamu ndinali ndi ufulu wowanyoza mmene ndingafunire, ndipo ufulu umenewu sunkagona. Ndinkawatcha thiraki yopanda laisensi. Iwo ankanditcha mkazi wawo wamng'ono wosadziwa kuphika.

Nkhani ya filimu inabwera ndi mkulu wina wa kuboma amene ankajambula maukwati ndi zinkhoswe. Anali ndi kamera imodzi yokha, koma maloto ake anali osayamba. Ankakonda kuonera masewera ogwetsana aja timati resiling'i, pa TV za m'malo ogona madalaivala paboda. Analinso wopenga ndi nyimbo za roko, zija amaimba mokuwa azungu a tsitsi lalitali, magitala akulira ngati macheka. Iye anati aphatikiza ziwirizi apange filimu yoseketsa. Nkhani yake inali yotere: anyamata osauka ali ndi bandi ya roko koma alibe poimbira. Mwini holo akuti awapatsa holoyo pokhapokha woimba wawo, kamnyamata koonda zedi, akagwetse chimphona chake pamaso pa anthu. Atawaona alamu akutsitsa matumba a mtedza pamsika, wojambulayo anadziwa kuti chimphona chapezeka.

Alamu anakondwa, koma atamva kuti akavula malaya n'kutsala ndi kabudula yekha, nkhope inagwa. Ine ndine telala, ndipo masiku amenewo ndinkasokera pakhonde la golosale ina. Alamuwo anabwera pamenepo, anakhala pabenchi n'kundifunsa:

"Alamu, nanga amayi akadzaona?"

"Amayi ku vidiyo akakatani? Kapena mukudziona kukongola kwambiri?"

"Sindikuseka ayi. Anthu akawauza kuti mkamwini wanu wavula pagulu. Ndikhala bwanji pamudzi paja?"

Mantha awo anali enieni. Mkamwini akachititsa manyazi eni mudzi, amalume akhoza kuitanidwa n'kumuuza kuti atenge njinga yake azipita, ana n'kutsala. Tinagwirizana kuti ndiwasokere chophimba kumutu, chokhala ndi mabowo a maso ndi pakamwa. Wojambula uja ankafuna cha nthenga, koma tinamuuza kuti kuno zinthu zotere zili ndi eni ake, sizoseweretsa, ndipo anamva msanga. Ndinagula buluku lofiira lotanuka pa kaunjika, ndinadula mwendo umodzi, n'kusokererapo mphezi yachikasu pamphumi. Alamu atavala anaoneka ngati mbatata yofiira, ndipo ndinawauza zimenezo.

Tinajambulira m'chigafa chachikulu cha fodya, nyengo imene munalibe fodya. Bwalo logwetsirana tinalizinga ndi zingwe za ng'ombe. Pansi tinayala matiresi obwereka, pamwamba pake tenti ya thiraki ya dalaivala wina amene ankadikira mapepala a katundu paboda. Iyeyo anapatsidwa udindo woimbira masewero chifukwa anali ndi wezulo yakeyake. Gitala yeniyeni inali imodzi, yobwereka kwa akwaya, amene anauzidwa kuti ikukaimba pachinkhoswe. Enawo anali matabwa opaka utoto. Tsitsi la oimba tinapanga ndi khonje lopaka polishi wakuda wa nsapato, ndipo kukatentha linkawadontheza zakuda m'khosi. Anyamatawo ankangogwedeza mitu ndi kuyasamula pakamwa. Phokoso lenileni analilowetsa pambuyo pake pa kompyuta, n'chifukwa chake mufilimu monse gitala imalirabe ngakhale mwini wake akukanda mwendo.

Vuto linali lakuti alamu sankatha kukhala munthu woipa. Kamnyamata koimba kakawakankha, iwo ankangoima njii n'kukafunsa ngati kavulala. Akakanyamula kuti akaponye pansi, ankakatsitsa pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana. Wojambula ankagwira kumutu. "Akulu, inu ndinu chigawenga mufilimuyi. Bangulani!" Alamu ankabangula mpaka nkhuku kubalalika panja, kenako n'kunena kuti pepani. Pomaliza wojambula anatopa, anazisiya momwemo, ndipo n'zimene anthu anadzaseka kwambiri.

Kumapeto kwa nkhaniyo woimba amamenya chimphona kumutu ndi gitala ya thabwa, chimagwa, iye n'kuchivula chophimba. Apa alamu anakaniratu. Atakambirana anagwirizana kuti kamera ikhala kumbuyo, anthu angoona kunkhongo. Koma chophimba chitangovulidwa, wojambula anathamangira kutsogolo. Alamu anadzidzimuka, anayang'ana kamera, n'kuseka, popeza kuseka kwawo sikunali patali. Kenako anakumbukira n'kubisa nkhope ndi manja onse awiri. Anamupempha kuti pamenepo adule. Iye analonjeza, koma sanadule. Mpaka lero ndikamukumbukira munthu uja ndimakwiya ndi bodza lake, komanso ndimamuthokoza.

Filimu inatuluka pa CD, ndipo m'nyumba ya vidiyo pa Mkanda inaonetsedwa mpaka ana anailoweza. Panja pankadzaza njinga za anthu ochokera m'midzi yakutali. Madalaivala anaitengera ku Chipata. Alamu akamadutsa ndi matumba awo, ana ankawabangulira kenako n'kunena kuti pepani. Chophimba changa chija sichinabise kanthu, pakuti m'dera lonse munalibe wina wa msana wotero. Masiku amenewo ndimawasowa. Tinali anthu wamba, koma tinadziona tokha pa kanema, m'chigafa chimene aliyense ankachidziwa, ndipo tinkayenda ngati tachita chinthu.

Amayi anazimva pamjigo. Anabwera atakwinya nkhope, ndowa n'kuitsitsa mwamphamvu madzi mpaka kutayika. Tsiku limenelo alamu anachedwera dala kumsika, achemwali anadzitsekera m'nyumba. Tonse tinkadikira kuti amalume aitanidwa. Amayi anakhala pamkeka n'kuyamba kusenda mtedza.

"Iwe, akuti bambo a mwana akuoneka pa kanema alibe malaya. N'zoona?"

"N'zoona, amayi. Koma anaphimba nkhope. Ankaopa inuyo."

Amayi anapitiriza kusenda.

"Nanga ndewuyo anapambana?"

"Anagwetsedwa."

"Ndi ndani?"

Nditawauza kuti ndi kamnyamata koonda kaja kogulitsa mayunitsi, anaponya makoko pansi. "Bodza limenelo. Munthu wonyamula matumba ngati uja? Anawabera."

Amalume sanaitanidwe. Koma zokaonera filimuyo amayi anakana: "Ine ndikaone mkamwini ali chovula? Ndapenga?" M'malo mwake ndinkawafotokozera nkhani yonse tikamasenda mtedza, ndipo ankafuna ndizibwereza pamene chimphona chimapepesa. Chaka chimenecho ananena okha, osafunsidwa, kuti tikakolola aphera nkhuku bambo a mwana. Ndikhulupirira kuti ulendo umenewu ankanena zoona.

Alamu anadwala mvula ili pakati, chimanga chisanamasule. Anayamba ndi chifuwa, ndipo thupi lija linatha mofulumira moti malaya ndinkachita kuwabwezera. Abale awo anabwera kudzawatenga kuti akawasamalire kwawo. Tsiku lonyamuka amayi anaima kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, n'kundituma kuti ndiwauze ayende bwino. Alamu sanabwerenso. Uthenga wa maliro unatipeza mochedwa, msewu unali matope okhaokha, ndipo tinafika nthawi yoona nkhope itadutsa, bokosi atakhoma kale.

Amayi sanalankhulepo za izi. Zaka zinadutsa. Nyumba ya vidiyo ija inatsekedwa chifukwa aliyense tsopano ali ndi kanema m'thumba, ndipo pano amagulitsiramo feteleza. Mwana wa achemwali anakula n'kupita kusekondale yogonera komweko. Tsiku lina masana ndikusoka, ndinangoona amayi atulukira pakhonde langa, chinthu chimene sankachita.

"Kanema uja wa bambo a mwana akadalipo?"

"Mukufuna ndikufotokozereninso?"

"Nkhani ndikuidziwa. Ndikufuna ndiwaone eni akewo. Anandifolerera nyumba. Nditadwala anandikweza panjinga mpaka kuchipatala, ine ndikungoona msana njira yonse. Ndikakawapeza kumene anapitako, ndikawadziwa bwanji?"

Chithunzi cha alamu tinali nacho chimodzi chokha, cha pachinkhoswe, ndipo anaima kumbuyo kwa anthu, mutu utadulidwa theka chifukwa cha kutalika. CD yathu inali itakandika, inkaima pakati penipeni pa ndewu. Wojambula uja anasamukira ku Lilongwe ndipo panalibe wodziwa kumene ankakhala. Ndinayenda m'timashopu tolowetsa nyimbo m'mafoni, pa Mkanda, kuboma, mpaka paboda. Ambiri ankandiseka kuti za makedzana zimenezo ndani angasunge. Ndinawauza kuti ya makedzana ndi mitu yawo. Pomaliza filimuyo ndinaipeza m'kompyuta yakale ya m'kashopu kena paboda, kumene madalaivala achikulire ankaifunsabe, ndipo anandiikira mufoni.

Tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Kunkawala kwambiri moti pafoni sipankaoneka kanthu, ndiye amayi anamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa mitu yathu iwiri. Mkatimo munali motentha, mukumveka fungo la utsi ndi sopo. Magitala atayamba kulira anandifunsa kuti, "Ndiye nyimbo zimenezi? Anawa akudwala?" Chimphona chitatulukira anatembenuza mutu mwachizolowezi, kenako anadzilimbitsa n'kuyang'ananso.

"Msana ndi womwewo," anatero.

Anaseka pamene alamu ankakagoneka pansi kamnyamata kaja, anaseka tsitsi la khonje litagwa pakati pa nyimbo, anatukwana dalaivala wa wezulo kuti akukondera. Ine ndinali ndisanaionerenso filimuyi chimwalirireni alamu, ndipo nditamva mawu awo akunena kuti pepani, mtima unandipweteka kwambiri. Ndinalira mwakachetechete kuti ndisawasokoneze.

Gitala ya thabwa inagunda mutu, chimphona chinagwa, chophimba chinavulidwa. Chithunzi chinagwedezeka pamene wojambula ankathamangira kutsogolo. Alamu anatiyang'ana n'kuseka.

"Imitsa pamenepo."

Ndinachedwa, manja anali ataphimba kale nkhope. Ndinabweza pang'ono, ndinaimitsa. Amayi anatenga foni m'manja mwanga n'kuiyandikiza kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali mpaka foni inazima, ine n'kuwayatsiranso.

"Kani anali ndi mpata pakati pa mano," anatero chapansipansi. "Ine zaka zonsezi ndimauza anthu kuti mwana uja mpata anatengera malemu bambo ako."

Anapitiriza kuyang'ana osaphethira. Ine ndinatuluka m'chitenjemo pang'onopang'ono, n'kuwasiya awiri.